Ndinapitirira Bedi la Atate

Atate anagwira ntchito yonyamula matumba kwa zaka zoposa makumi awiri pa nyumba ina yosungiramo katundu ku mafakitale, kuseri kwa njanji. Ankachoka kwathu ku Kabwata m'mamawa atavala ovololo imene amayi anaisoka zigamba m'mawondo, ndipo madzulo ankabwera tsitsi lili mbuu ndi fumbi la ufa ndi feteleza. Lamlungu ankasanduka munthu wina: jekete lakuda, buku la nyimbo m'khwapa, pakuti anali mkulu wa mpingo. Anabwera mu Lusaka ali mnyamata kuchokera kum'mawa, koma Chinyanja cha m'tauni sichinawalowe m'kamwa. Mpaka imfa yawo ankalankhula ngati anatsika basi dzulo.

Ine ndinali mwana wawo woyamba. Nthawi imene ndikunenayi ndinali nditangoyamba ntchito yotaipa pa ofesi ina m'tauni. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza poima pamzere, ndipo munthu ukaona anthu andandalika pakhomo la sitolo unkayamba waima kaye, kufunsa pambuyo kuti kwabwera chiyani.

Pa ofesipo ndinadziwana ndi mnyamata wina wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera. Bambo ake anali ndi udindo m'boma, ndipo masiku ena ankamubwereka galimoto. Sanali wodzikuza ayi, ndisamunamizire. Anali woseka, wopatsa, wolankhula chilichonse chimene chabwera m'mutu. Wodzikuza ndinali ine, amene ndinalibe chodzikuzira. Tsiku lina tikudya mabanzi pa nthawi yopuma anandifunsa kuti, "Nanga ba tate bako basebenza kuti?" Ndinayankha kuti ndi kapitawo ku mafakitale. Bodzalo linatuluka lokha ngati chikhosomo. Akandiperekeza pa galimoto ndinkatsikira pamsewu wolowera ku Libala, kumene nyumba zinali zooneka bwinoko, n'kumaliza ulendo wapansi.

Chaka chimenecho atate anatuluka chotupa m'munsi mwa mimba chifukwa cha zolemera zija. Anachibisa miyezi yambiri, akumanga nsalu m'chiuno popita kuntchito, mpaka tsiku lina analephera kuimirira m'tchalitchi. Madokotala anati pafunika opaleshoni. Amayi ndiwo anandiuza, mozungulira, monga mmene mayi amauzira mwana wamkazi za thupi la bambo ake. Tsiku linaikidwa, Lachinayi m'mawa.

Ndinalakwitsa kumuuza mnyamata uja. Atamva anati, "Nizakupeleka. Nifuna nibapase moni ba tate." Ndinayesa kukana, ndinati munthu wongochoka ku opaleshoni safuna alendo, koma iye anali atagula kale malalanje m'thumba la pepala. Ndinadzilimbitsa mtima poganiza kuti m'chipatala anthu onse amavala zofanana, palibe ovololo, ndipo atate adzakhala ofooka, salankhula zambiri.

Tinafika nthawi yoona odwala ya masana itangoyamba. Amayi anali atabwerera kunyumba atangomva kuti opaleshoni yatha bwino, kukaphika phala, ndipo ndinkadziwa kuti mabasi a nthawi imeneyo awachedwetsa. Wodi ya amuna inali yaitali, mabedi mbali zonse ziwiri, fungo la mankhwala otsukira pansi. Manesi awiri amene ndinawaona anali kumapeto kwenikweni, atazinga bedi lina ndi nsalu.

Atate anali pa bedi lachitatu kuchokera pakhomo, kudzanja lamanja. Ndinawazindikira ndi dzanja, chifukwa nkhope sinali yawo. Khosi linali litapindikira kumanzere ndi kumbuyo, ngati wina walipotokola n'kuligwira pomwepo. Maso anatembenukira m'mwamba, kumangooneka koyera kokha. Lilime linali panja, lalikulu, lokhotera pambali, ndipo dovu linali litanyowetsa pilo. Kukhosi kunkatuluka phokoso, osati mawu, kungoti "aa, aa." Dzanja lamanja, lija la chipsera cha waya pachala chachikulu, linkagogoda chitsulo cha bedi pang'onopang'ono.

Mnyamata uja anaima, n'kundigwira pamkono.

"Iyee, ona ba mudala aba," anatero, osatsitsa n'komwe mawu. "Ni khunyu olo ni ofunta? Aba sibafunika muno, bafunika kuchipatala cha ofunta." Kenako anayang'ana uku ndi uku. "Manje ba tate bako bali pati?"

Ndakhala ndi zaka zambiri zoganizira kamphindi kameneko. Ndingathe kunena kuti ndinachita mantha, ndipo n'zoona. Koma mantha okha akanandithamangitsira kwa manesi. Chimene chinandigwira pakamwa chinali china. Ndinaona nkhope ya mnyamatayo, mmene anakwinyira mphuno, ndipo ndinaganiza za mayi ake amene ndinali ndisanakumane nawo, akumva kuti mtsikana uja kwawo kuli khunyu.

"Sindikuwaona," ndinatero. "Mwina awasamutsira ku wodi ina. Tiye."

Dzanja lija linagogoda chitsulo kawiri mofulumira. Ndinamva. Ndinatembenuka n'kutuluka, nsapato zanga zazitali zikulira pasimenti.

Tinazungulira chipatala. Ndinalowa wodi ina, n'kuyang'ana mabedi mmodzimmodzi ngati munthu wofunadi bambo ake. Ndinalowanso ina. Mnyamata uja anafuna kukafunsa pa tebulo la manesi, ine ndinati asavutike, mwina sanatuluke kuchipinda chotsitsimukira. Pomaliza anayang'ana wotchi, anati ayenera kubweza galimoto. Anandipatsa malalanje aja. "Ubauze kuti ninabwela," anatero. Ndinamuperekeza mpaka pageti, ndipo ngakhale galimoto itapita sindinathamange. Ndinaima pansi pa mtengo, thumba lili m'manja, ndikuopa kubwerera. Sindidziwa kuti zonsezi zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mwina theka la ola.

Pobwerera ndinamva mawu a amayi ndisanalowe. Anali atagwada pambali pa bedi, chitenje chitamasuka, akuitana atate ndi dzina la mfunda wawo, limene sindinawamvepo akulitchula pagulu. Kontena ya phala inali itagubuduzika pansi. Kukuwa kwawo n'kumene kunabweretsa nesi, nesiyo n'kuthamangira dokotala. Dokotalayo anali wachinyamata, wamtali, wa kumpoto, Chinyanja chake chosakaniza ndi Chibemba. Anayang'ana atate kamodzi, anawerenga pepala la kumiyendo kwa bedi, n'kutuma nesi kukatenga mankhwala. Anabaya jakisoni mumtsempha wa pamkono, akukankha pang'onopang'ono.

Sipanapite mphindi zambiri. Poyamba maso anatsika, ngati munthu wobwerera kuchokera kutali. Kenako lilime linalowa. Khosi linamasuka pomalizira, ndipo atate anagoneka mutu bwinobwino papilo n'kupuma mpweya wautali. Nkhope yawo inabwerera yonse, yotopa, ya thukuta.

"Madzi," anatero.

Nesi anangowanyowetsa milomo ndi thonje, chifukwa sanali oti amwe. Amayi anali akulirabe. Anafunsa dokotala ngati atate agwa khunyu, kapena ngati mankhwala ogonetsa awasokoneza mutu.

"Iyayi, ba mayo," anatero dokotala. "Si khunyu, si misala." Anafotokoza kuti munthu akamagonetsedwa pa opaleshoni amamupatsanso mankhwala oletsa kusanza, chifukwa ambiri amadzuka ndi mseru, ndipo kusanza ndi bala latsopano pamimba n'koopsa. Atate anawapatsa ali m'tulo, ndipo atadzuka akuchita mseru anawawonjezera. Anthu ambiri mankhwalawo sawavuta, koma ena ochepa amawakoka minofu ya khosi, ya lilime ndi ya maso. Anati sizisiya chilema, ndipo zikabwereranso asanathe m'thupi adzabayanso. Analemba dzina la mankhwalawo pa kakhadi n'kuwapatsa amayi, kuti atate azikaonetsa kulikonse kumene angadzagonekedwe.

"Chovuta ni chakuti bantu bamayopa," anawonjezera. "Bamaganiza ati munthu asokonezeka mu mutu. Koma amamvela vonse. Amangokangiwa kukamba."

"Amamva?" ndinafunsa. Anali mawu anga oyamba chilowereni.

"Vonse," anatero, akutseka cholembera.

Pa bedi lachinayi panali bambo wina wonenepa wa bandeji pamwendo. Iye ndi amene anakhala akuitana manesi kwa nthawi yaitali, mawu ake osafika kumapeto kwa wodi. Dokotala atachoka anandiyang'anitsitsa.

"Si imwe munabwela na uja mwamuna wa tayi?" anafunsa.

Ndinawerama n'kuyamba kutola kontena ya phala. Amayi anali otanganidwa kupukuta atate kumaso, sanamve, kapena anamva koma sanamvetse. Bamboyo sanabwerezenso. Anangotembenukira kukhoma.

Atate analankhula pang'ono madzulo amenewo. Anauza amayi kuti ankaona ngati lilime liwatsamwitsa, ndipo ankapemphera mumtima chifukwa pakamwa panakana. Kenako anaona thumba la pepala pa kabati.

"Malalanjewa wagula ndiwe?"

"Ndi mnzanga wa kuntchito, atate."

"Ukamuthokoze."

Anatseka maso.

Anatuluka m'chipatala patapita masiku ochepa. Kunyumba anthu a mpingo ankabwera kudzawaona, ndipo nkhani inali itafika kale m'makomo. Ena ankanong'ona kuti anzawo a kuntchito anawachita chipongwe. Atate ankatulutsa kakhadi kaja m'buku la nyimbo n'kuwaonetsa. "Ndi mankhwala awa," ankatero. "Musadandaule ndi anthu osalakwa." Ine ankandilankhula monga kale. Ankandifunsa za kuntchito, ankandithokoza ndikawapatsira madzi osamba. Ndinkachapa, kusita, kukolopa, ndinaima pamzere wa shuga kuyambira m'mawa Loweruka lonse kuti amwe tiyi wotsekemera. Amayi anati ndakula. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina dokotala uja anakokomeza, mwina atate sanamve kanthu.

Mnyamata uja sanaiwale. Tsiku lililonse ankafunsa za odwala, ndipo patatha masabata atatu anati Loweruka akubwera kunyumba, ndifune ndisafune. Ndinamulongosolera njira yeniyeni. Atafika sanaonetse kudabwa ndi nyumba yathu ya zipinda ziwiri. Anasiya galimoto patali, analowa mwaulemu, anawomba m'manja popereka moni. Amayi anamupatsa mpando wabwino. Atate anakhala pa mpando wawo wa pakona, atavala malaya oyera, bulangete m'mawondo. Ine ndinapita kukhitchini kukakonza tiyi, chitseko chili chotsekula.

Anacheza za mvula, za mpira, za kusowa kwa matayala. Kenako ndinamva mnyamatayo akufunsa kuti, pokhala kapitawo, ntchito ikuyenda bwanji iwo kulibe.

"Kapitawo ndi wina, bambo," anatero atate. "Ine ndimanyamula matumba."

Mnyamatayo, pofuna kukonza zinthu, anasintha nkhani.

"Tinabwela ku chipatala pa siku ya opaleshoni, ba tate. Tinasakila mawodi yonse, sitinakupezeni."

Ndinali nditafika pakhomo ndi thireyi.

"Munandipeza," anatero atate.

"Ba tate?"

"Bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Munaima kumiyendo kwanga. Maso anga sankaona bwino, koma makutu anali otsekula."

Ananena modekha, ngati akuuza munthu njira ya kumsika. Ndinaona nkhope ya mnyamatayo ikusintha pamene ankakumbukira mawu ake. Anatsika pampando n'kugwada pasimenti, thalauza lake labwino lomwelo.

"Nikhululukileni, ba tate. Ninakamba voipa. Sininazibe."

"Dzukani, bambo," anatero atate. "Palibe mlandu. Inu simunkandidziwa."

Amayi anadzuka, anandilanda thireyiyo, n'kuthira tiyi okha. Palibe anandiyang'ana. Mnyamatayo anamwa theka la kapu n'kutsazika.

Ndinamuperekeza ku galimoto. Atagwira chitseko anatembenuka.

"Unabaziba?" anafunsa.

"Ndinawadziwa."

"Pamene ninakamba vija, unaziba ati ni ba tate bako?"

"Inde."

Anayang'ana makiyi m'manja mwake kwa nthawi. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo zikanandipepukira. Koma anangoti, "Tinabasiya chabe so," n'kulowa m'galimoto.

Tsiku limenelo amayi sanandilankhule. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anandipeza pampopi ndikutsuka makapu. Anaima pafupi kuti ana ena asamve.

"Bambo ako sanandiuze," anatero. "Masabata atatu tikugona chipinda chimodzi, osandiuza. Ndamvera limodzi ndi mlendo." Anakonza duku lawo. "Ine ndinapeza munthu yekhayekha, pilo yonse yanyowa. Ndinkatukwana manesi mumtima. Sindinkadziwa kuti mwana wanga wadutsapo kale."

Ndinayamba kulira.

"Usalilire ine. Ali kuseri."

Kuseri kwa nyumba atate anali ndi kadimba ka tomato. Sankaloledwa kuwerama, choncho anakhala pa kampando kakafupi, akumangirira mitengo ya tomato ku timitengo ndi tizingwe ta nsalu zakutha. Ndinagwada pambali pawo. Ndinali nditakonza mawu kusanache, koma nditagwada onse anathawa. Atate anandipatsa kamtengo.

"Gwira apa."

Ndinagwira. Anamanga mfundo, n'kusuntha kampando kupita pa tomato wina. Ndinawatsatira chogwada. Tinamanga atatu kapena anayi.

"Za ukapitawo sizinandipweteke," anatero, maso ali pa chingwe. "Mtsikana amafuna bambo ake akhale kanthu. Ngakhale kundipitirira, ndinati ndi mwana, waopa. Nanenso ndikanadziona pagalasi ndikanathawa." Anadula chingwe ndi mano. "Koma ndinkadikira kuti ukatuluka uuza nesi. Ndinkawerenga mapazi a aliyense wolowa, ndikuti ndi amene watumidwa ndi mwana wanga. Munthu ngakhale wosamudziwa, ukamupeza chonchija, umamuitanira nesi."

Sanakweze mawu. Anandipatsa kamtengo kena. Ndinati, "Atate," koma chotsatira sichinatuluke, ndipo iwo anati nthawi yatha, ndikasambe tingachedwe kutchalitchi. Tsiku limenelo anayenda okha mpaka kutchalitchi koyamba chichitireni opaleshoni, pang'onopang'ono, ine ndi amayi tili pambuyo.

Ine ndi mnyamata uja sitinakangane. Kuofesi tinkapatsana moni, nthawi zina tinkadyera limodzi, koma za kwawo kapena za kwathu sitinazitchulenso, ndipo pofika nyengo yozizira anasamutsidwira ku Kopabeti, dera la migodi. Asanapite anabweranso ku Kabwata kamodzi, ine kulibe, kudzatsazika atate. Ndinamva kwa mng'ono wanga kuti anakhala ola lathunthu akucheza za mpira.

Atate sanabwererenso ku matumba. Anawapatsa ntchito ya pageti pa malo omwewo, ndipo anagwira mpaka kupuma. Nkhani ija sanaitchulenso kwa ine kapena kwa wina aliyense amene ndikumudziwa. Pa ukwati wanga, ndi mwamuna wina wa mumpingo mwathu, analankhula zabwino zokhazokha za ine, anati ndine mwana amene ndinawasamala atadwala. Anthu anawomba m'manja, ine ndinayang'ana pansi, ndipo onse anayesa ndi ulemu wa mkwatibwi.

Patapita zaka ndinagonekedwa nanenso, kuti mwana wanga wachiwiri abadwe ndi opaleshoni. Mayi wina wogonetsa odwala anabwera ndi pepala kudzandifunsa mafunso. Anafunsa ngati m'banja mwathu wina anavutikapo ndi mankhwala a opaleshoni. Ndinati atate, ndipo ndinatchula dzina la mankhwala aja, limene ndinali nditaliloweza. Anafunsa ngati ndinangomva kapena ndinaona ndekha. Ndinati ndinaona. Anati ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza zonse, khosi, maso, lilime, dzanja logogoda chitsulo. Analemba, n'kunena kuti andipatsa mtundu wina.

"Munachita mwayi kuti munalipo," anatero. "Ambiri amangosokonezeka, osadziwa chochita."

Sindinamuwongole. Atate anamwalira mwana ameneyo ali giredi fayifi. Mawu akuti pepani sindinawauze. Ndinkangoti ndidzapeza tsiku labwino, tili awiri, ndipo masiku otere analipo ambiri.